Wopulumutsa Moyo pa Sabata Abwerera Bwanji Kwawo?

Malamulo a Sabata amene ali m'mabuku asanu a Mose ndi ouma, ndipo mulibe vesi lonena poyera kuti munthu akadwala mwakayakaya lamulolo lipatuke. Eksodo 35 amaletsa ngakhale kusonkha moto m'nyumba pa tsikulo, ndipo Numeri 15 amasimba za munthu amene anamupeza akutola nkhuni m'chipululu n'kumuponya miyala. Komabe lero ku Brooklyn, ku Jerusalem kapena ku Johannesburg, Loweruka m'mawa, mungaone Myuda wogwiritsa mwambo, amene sangayatse n'komwe getsi la kuchipinda kwake, akutuluka m'sunagoge chothamanga, n'kulowa mu ambulansi, n'kuliza injini, anzake otsala m'mapemphero osamuyesa wochimwa. Ofotokoza mwachidule amati arabi, aphunzitsi a Chiyuda, anaona kuti moyo ndi waukulu kuposa tsiku. N'zoona, koma mfundo imeneyo anagwirizana kalekale. Chimene chawadyera nthawi akatswiri a malamulo a Chiyuda kwa zaka zoposa 2,000 ndi wopulumutsayo: kuti asaime n'kumasinkhasinkha mnzake akufa, ndiponso kuti akaitanidwanso mlungu wamawa asakane. Pafupifupi chigamulo chilichonse chachikulu pa nkhaniyi chinachokera ku nkhawa imodzi, yoti munthu woopa Mulungu angazengereze.

Nkhawayo anaiphunzira ndi magazi. Cha m'ma 167 BC, mfumu Antiochus IV italetsa chipembedzo cha Chiyuda, gulu lina linathawira m'mapanga a m'chipululu. Buku la 1 Amakabeo, mutu 2, limati asilikali anawapeza pa Sabata, iwo osaponya mwala ngakhale umodzi kapena kutseka pakhomo pa phanga, ndipo anafa anthu pafupifupi 1,000, amayi ndi ana omwe. Wansembe Mattathias wa ku Modein ndi anzake atamva, anagamula kuti akaputidwa pa Sabata adzimenyera nkhondo, apo ayi fuko lonse litheratu. Si onse anavomereza. Buku la Jubilees, la m'nyengo yomweyo, limaika kumenya nkhondo pa Sabata pakati pa milandu ya imfa, ndipo malamulo a gulu la ku Qumran, olembedwa mu Damascus Document, amaletsa kuvuula munthu wogwera m'madzi ndi makwerero kapena chingwe. Chidutswa china cha mipukutu yawo chimalola kumuponyera chovala basi. Ngakhale chigamulo cha Mattathias chinali chatheka. Wolemba mbiri Josephus akuti Pompey atazinga Jerusalem mu 63 BC, Aroma anazindikira kuti Ayuda amabweza pokhapokha aponyeredwa mivi, choncho pa Sabata ankaleka kumenya n'kumaunjika dothi ndi kukankhira makina awo pafupi ndi linga la kachisi popanda wowaletsa. Lamulo lolola kudziteteza ku lupanga lokha, osati ku zokonzekera za mdani, linatayitsa mzinda.

Pofika cha m'ma 200 AD, pamene Rabi Yehudah HaNasi anasonkhanitsa Mishnah, zinthu zinali zitasinthiratu. Buku lomweli limene limandandalika mitundu 39 ya ntchito zoletsedwa pa Sabata ndilo limapereka chitsanzo chimene nkhani yonse yatsamirapo. Nyumba yagwa pa Sabata. Sizikudziwika ngati pansi pa zibumazo pali munthu kapena ayi. Ngati alipo, sizikudziwika ngati ali moyo. Sizikudziwikanso ngati ndi Myuda. Zokayikitsa zitatu zosanjikizana, koma Mishnah, mu gawo la Yoma, imati kumbani. Mukamupeza akupuma, pitirizani kuchotsa zibumazo, ndipo Talmud, buku lofotokozera Mishnah, imaonjeza kuti ngakhale wavulala kotero kuti angokhala moyo kanthawi kochepa. Mukamupeza atafa, musiyeni mpaka Sabata lithe. M'gawo lomwelo Rabi Matya ben Harash amalola kuthira mankhwala m'kamwa mwa munthu womva kupweteka kummero, pa chifukwa choti mwina ndi matenda oopsa. Apa mphamvu yonse ili pa kukayika. Pa malamulo ena a Torah, mabuku a Mose aja, munthu akakayika amayenera kudziletsa. Pa moyo, akakayika amayenera kuchita. Mfundo imeneyi, imene Ayuda amaitcha pikuach nefesh, inamuchotsera wopulumutsa ntchito yotsimikizira, chifukwa wofuna umboni asanagwire khasu amaupeza munthu atatsamwa kale. Owerenga Mauthenga Abwino azindikirenso kuti mikangano ya Yesu ndi akulu a sunagoge inali yokhudza matenda a mgonagona, monga a mayi wopindika msana zaka 18 wa pa Luka 13, amene akanatha kudikira dzuwa lilowe. Sinali yokhudza munthu amene akufa.

Chodabwitsa n'chakuti lamuloli linayamba kugwira ntchito vesi lolichirikiza lisanapezeke. Talmud ya ku Babulo, pa Yoma 85, imasimba kuti Rabi Yishmael, Rabi Akiva ndi Rabi Elazar ben Azariah ali pa ulendo anafunsana kumene lamuloli lachokera. Palibe anafunsa ngati lilipo. Yishmael anatchula mbala yoboola nyumba usiku, imene mwini nyumba amaloledwa kuipha podziteteza: ngati kukhetsa magazi kumaloledwa pofuna kusunga moyo, nanga kuswa Sabata? Elazar anatchula mdulidwe, umene umachitika tsiku lachisanu ndi chitatu ngakhale likhale Sabata, pomwe ndi chiwalo chimodzi chabe. Shimon ben Menasya anati n'kwanzeru kuswa Sabata limodzi kuti munthuyo adzasunge ambiri. Patapita mibadwo, Shmuel wa ku Nehardea anatchula Levitiko 18:5, pamene malamulo amanenedwa kuti ndi oti munthu akhale nawo moyo, ndipo iye anati ndiye kuti si oti afe nawo. Mphunzitsi wina, Rava, poyesa mayankho onsewa, anapeza kuti enawo amagwira pokhapokha imfa ili yotsimikizika, koma la Shmuel lokha ndilo limafika ndi pokayikitsa pomwe. Anasankha vesi poyang'ana ngati lingamumasule munthu amene sakudziwa bwino chimene chili patsogolo pake, ndipo wogwira ntchito zadzidzidzi nthawi zambiri ndi wotero.

Atamasula manja, anatembenukira ku mtima. Talmud imati mwana akagwera m'nyanja, ponya khoka umuvuule, ngakhale khokalo ligwire ndi nsomba zomwe. Chitseko chikamutsekera mwana m'nyumba, chithyole. Ndipo usapite kukapempha chilolezo ku bwalo la arabi. Talmud ya ku Jerusalem imafika pomuwerengera wopita kukafunsayo ngati wokhetsa magazi, ndi kumudzudzula rabi wofunsidwayo, poti akanakhala mphunzitsi weniweni anthu ake akanadziwiratu yankho. Kunabweranso lamulo lovuta kulimvetsa poyamba: ntchito yoswa Sabata chifukwa cha wodwala isapatsidwe kwa mwana kapena kwa wosakhala Myuda, koma aigwire akuluakulu a Israel. Munthu angaganize kuti kutuma amene lamulo silikumumanga ndiye nzeru. Koma anthu akaona rabi akutuma wina, adzaphunzira kuti ntchitoyo ili ndi kachilema, ndipo tsiku limene wotumidwa kulibe adzayamba kumufunafuna wodwala akuthatha. Maimonides, amene anali dokotala ku Fustat ku Egypt ndipo anamaliza Mishneh Torah cha m'ma 1180, analemba zomwezi molimba, ndi kunena kuti malamulo a Torah anabwera kudzetsa chifundo ndi mtendere, osati kulipsira. Shulchan Aruch ya Yosef Karo, yosindikizidwa ku Venice mu 1565, inatsata iye. Moshe Isserles wa ku Kraków anaonjezapo kuti ngati palibe kuchedwa kulikonse, ndi bwino kutuma wosakhala Myuda kapena kuchita ntchitoyo mwanjira yosazolowereka, koma David HaLevi Segal anamutsutsa pa chifukwa chakale chija. Ndipo pamene kolera inasesa Vilna mu 1848, Rabi Israel Salanter anasonkhanitsa ophunzira ake kuti azisamalira odwala Sabata lomwe, nalimbikitsa anthu kudya pa Yom Kippur, tsiku losala lalikulu kuposa onse, arabi ena akunyinyirika.

Zonsezi zikukhudza mphindi ya ngozi. Koma pali anthu amene ngozi ndiyo ntchito yawo, ndipo woyamba wa iwo m'malamulo a Chiyuda ndi mzamba. Mishnah imalola kumuitana kuchokera mudzi wina pa Sabata, kubereketsa mayi ndi kumanga mchombo. Vuto linali pambuyo pake. Pa Sabata munthu saloledwa kupitirira mikono 2,000, pafupifupi kilomita imodzi, kuchokera kumalire a mudzi wake, ndipo wopitirira amayenera kukhala pamene wafikapo, osasuntha kuposa mikono inayi, mpaka nyenyezi zituluke. Tayerekezani mzamba amene wachezera usiku wonse, mwana wabadwa tambala woyamba, iye n'kukhala tsonga pakona pa nyumba ya eni tsiku lathunthu, osaloledwa ngakhale kuyenda m'mudzimo. Ulendo wotsatira akadzamva kugogoda usiku wa Lachisanu, adzadzuka msanga? Rabban Gamliel wamkulu, wa m'zaka za zana loyamba AD, anakonza kuti mzamba, ndiponso wobwera kudzapulumutsa anthu ku moto, ku gulu la nkhondo, ku mtsinje wosefukira kapena ku nyumba yakugwa, awerengedwe ngati nzika ya mudzi umene wafikamo, yoyenda momasuka. Gawo la Eruvin limapitirira n'kunena kuti opita kukapulumutsa abwerere kwawo. Talmud imasimbanso chimene chinachititsa kuti aziloledwa kubwerera ndi zida zawo: kale ankazisiya m'nyumba yoyandikana ndi linga, tsiku lina adani anawazindikira n'kuwathamangira, iwo pokanganirana kulowa kukatenga zidazo anapondana, ndipo ofa mwa njira imeneyo anachuluka kuposa ophedwa ndi adani. Ulendo wobwerera supulumutsa aliyense lero. Unaloledwa chifukwa cha wodwala wa mawa, amene sanadwale n'komwe.

Galimoto ndiyo inakulitsa funsoli. Malire a mikono 2,000, malinga ndi ambiri, ndi lamulo la arabi, ndipo chimene arabi anamanga arabi angachimasule. Koma injini ya petulo imayaka moto nthawi iliyonse dalaivala akaponda, ndipo moto ndi woletsedwa mu Torah momwemo. M'zaka za m'ma 1960 Rabi Hershel Weber anayambitsa Hatzalah ku Williamsburg ku Brooklyn, gulu la anthu odzipereka opereka chithandizo choyamba, limene pambuyo pake linafalikira kumizinda ina yokhala Ayuda ambiri. Kupita ku ngozi pa Sabata panalibe wotsutsa. Koma wodwala akalandiridwa kuchipatala, makilomita angapo kuchokera kunyumba, wodziperekayo atani? Rabi Moshe Feinstein wa ku New York, amene anamwalira mu 1986, anagamula m'mayankho ake a Igrot Moshe kuti ayendetse galimoto kubwerera. Ankaona kuti bambo amene akudziwa kuti kuyankha wailesi kumatanthauza kusiya mkazi ndi ana patebulo la Sabata n'kukagona pa benchi ya chipatala mpaka Loweruka usiku, tsiku lina adzanyozera, kapena banja lake lidzamuuza kuti atule pansi ntchitoyo. Rabi Shlomo Zalman Auerbach wa ku Jerusalem, amene anamwalira mu 1995, anakana mwaulemu. Kwa iye chilolezo chakale chija chinkakhudza malamulo a arabi okha, ndipo kuswa lamulo la Torah chifukwa cha ulesi umene ungadzabwere m'tsogolo kunali kutambasula mfundo mopitirira. Wodziperekayo abwerere, inde, koma pa galimoto yoyendetsedwa ndi wosakhala Myuda. Awiriwa sankatsutsana za mtengo wa moyo. Ankatsutsana za mtima wa munthu: kodi wopembedza wodzipereka angatope? Pamenepa Feinstein ndiye anawerenga bwino Gamliel, amene sanadalire kuti mzamba ndi mngelo. Nthambi zina za Hatzalah zinapeza njira ya pakati, yolemba madalaivala osakhala Ayuda a pa Sabata, ndipo ambulansi yeniyeniyo pafupifupi onse amavomereza kuti ibwerere pamalo ake, poti ingafunike nthawi iliyonse.

Wina anganene kuti lamulo lokhala ndi zipata zochuluka chonchi latha mphamvu, kuti ngati mwina ali wokwanira kuswa Sabata ndiye aliyense adzapeza mwina wake. Kutsutsa kumeneku kuli ndi nzeru, ndipo arabi anakuona. N'chifukwa chake mtembo pansi pa zibuma umasiyidwa, ngakhale kulemekeza akufa ndi nkhani yaikulu m'Chiyuda. N'chifukwa chakenso Mishnah siilola kuzimitsa moto umene ukungowononga katundu. Imalola kutulutsa mipukutu yopatulika, zovala ndi chakudya cha Sabatalo, nyumba n'kupsa. Isserles atalola kuzimitsa moto m'mizinda ya ku Ulaya, chifukwa chake sichinali katundu ayi, koma kuti moto woyambira kwa Myuda ukafalikira kwa anansi, Ayuda ankaphedwa. Dokotala wosunga Sabata lero amayembekezeredwa kupempha kuti shifiti yake isagwere tsikulo ngati zingatheke, kugona pafupi ndi chipatala ngati akudziwiratu kuti m'mawa ali pa ntchito, ndi kusiya mpaka usiku zolemba zosafunika pa chithandizo. Buku la Yehoshua Neuwirth la Shemirat Shabbat Kehilchatah, lotuluka koyamba mu 1965, limalongosola zotere mwatsatanetsatane, ndipo bungwe la Zomet ku Israel linapanga zinthu monga cholembera cha inki yofufutika yokha pakapita masiku, kuti namwino alembe mlingo wa mankhwala popanda kulemba kokhalitsa kumene Torah imaletsa. Ena amaziseka zida zimenezi kuti n'kupusitsa Mulungu. Koma cholinga chake n'chomveka: pa zinthu zokonzekereka munthu akonzekere Lachisanu dzuwa lisanalowe, kuti ngozi yeniyeni ikafika pasakhale choti awerengere. Rabi Chaim Soloveitchik wa ku Brisk, atanenedwa kuti ndi wolekerera pa nkhani ya odwala, amakumbukiridwa kuti anayankha kuti iye salekerera za Sabata kapena kusala, koma amaumitsa za moyo.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa apa, ndipo sikuyenera kuzembedwa. Nanga wodwala akakhala wosakhala Myuda? Ganizo la Shimon ben Menasya, loswa Sabata limodzi kuti munthu asunge ambiri, silimufikira munthu amene sasunga Sabata, ndipo malemba akale a Talmud, olembedwa pakati pa maulamuliro achikunja amene ankazunza Ayuda, samulola mzamba Wachiyuda kubereketsa mayi wa mtundu wina pa tsikulo. Kusintha kunabwera pang'onopang'ono. Menachem Meiri wa ku Perpignan, cha m'ma 1300, anaphunzitsa kuti malamulo osankha oterowo ankanena za opembedza mafano akale, osati mitundu yokhala ndi chipembedzo ndi malamulo. Moshe Sofer wa ku Pressburg, amene anamwalira mu 1839, analola dokotala Wachiyuda kuthandiza aliyense poti kukana kukanadzutsa chidani choika Ayuda onse pa ngozi, ndipo Feinstein anatsindika zomwezo m'nthawi yathu. Masiku ano palibe ambulansi ya Hatzalah kapena dokotala wa chipatala cha Shaare Zedek ku Jerusalem amene amafunsa mtundu wa munthu wovulala. Komabe chifukwa chooneka m'mabuku ambiri, choopa chidani, chimakhumudwitsa Ayuda ena, pakati pawo arabi, chifukwa chimamveka ngati kudzitchinjiriza osati chikondi. Rabi wamkulu wa Israel, Isser Yehuda Unterman, m'zaka za m'ma 1960 anayesa kuchimanga pa maziko ena, akuti njira za mtendere ndi mtima weniweni wa Torah, osati chothawirapo. Pano chigamulo chinafika pabwino chifukwa chake chisanafike, monga zinachitikira pa ulendo wa Akiva ndi anzake, ndipo ofuna chifukwa choyera akulondola kusakhutira.

Dziko la Israel litakhazikitsidwa mu 1948, panabuka funso limene mabuku onse akale sanakumane nalo. Kwa zaka mazana ambiri apolisi, ozimitsa moto ndi asilikali a mizinda imene Ayuda ankakhala anali a mitundu ina. Tsopano ambiri mwa iwo anali Ayuda. Lamulo la boma la 1951 la maola a ntchito ndi kupuma linapatsa nduna ya zantchito mphamvu yopereka zilolezo za ntchito zofunika pa Sabata, koma limenelo linali yankho la boma, osati la Torah. Yeshayahu Leibowitz, wasayansi wopembedza wa lilime lakuthwa, anawanena Ayuda anzake opembedza m'zaka za m'ma 1950 kuti akudyera thukuta la ena: amafuna madzi, magetsi ndi chitetezo pa Sabata, koma amapempha kuti iwo apatsidwe tchuthi, ntchitoyo n'kugwera Myuda wosapembedza amene lamulo lomwelo likumumanga. Shlomo Goren, rabi wamkulu woyamba wa gulu la nkhondo, anayankha mbali ya asilikali pomanga malamulo a ntchito yolondera ndi kumenya nkhondo pa Sabata, atatsamira pa chiphunzitso cha mphunzitsi wakale Shammai choti mzinda ukazingidwa nkhondo sileka pa tsikulo, ndi pa lamulo la Eruvin loti mudzi wa m'malire ukaputidwa, ngakhale adani angofuna udzu ndi mapesi, anthu atuluke ndi zida. Shaul Yisraeli analemba za apolisi, ndipo anaona kuti galimoto yolondera imene sinakumane ndi chigawenga usiku wonse yapulumutsabe moyo, chifukwa dziko lodziwika kuti apolisi ake amagona Loweruka likuitana tsoka la Pompey. Pa 6 October 1973, tsiku limene linali Yom Kippur komanso Sabata, Egypt ndi Syria ataukira, asilikali oitanidwa anatuluka m'masunagoge n'kukwera magalimoto popanda woima kufunsa. Magetsi okha ndiwo sanagwirizanepo. Ambiri amagwiritsa ntchito magetsi a dziko pa Sabata ponena kuti makina opangira magetsiwo sangazimitsidwe, poti pa nthambo yomweyo pali zipatala ndi odwala opumira makina m'nyumba zawo. Avraham Yeshaya Karelitz, wodziwika kuti Chazon Ish, amene anamwalira mu 1953, anakana kupindula ndi ntchito imene Myuda mnzake wagwira pa Sabata, ndipo mpaka lero m'madera ena a Bnei Brak mabanja omutsatira amachoka pa magetsi a kampani Lachisanu madzulo n'kulumikiza ku majenereta kapena mabatire awoawo.